Wolakwa Ndani: Nsomba Kapena Msodzi?

Pakati pa 1989 ndi 1996, kampani ya Stratton Oakmont ya ku Long Island, m'dziko la Amereka, inkagulitsa masheya otchipa a timakampani tosadziŵika. Mkulu wake, Jordan Belfort, ndi anzake ankayamba okha kugula masheyawo mwakachetechete. Kenaka anyamata awo ankaimbira anthu lamya tsiku lonse, kuŵanamiza kuti mtengo ukwera posachedwa. Anthu akagula mwaunyinji, mtengo unkakweradi. Pomwepo eni chiŵembu ankagulitsa awo, mtengo nkugwa, ogula nkutsala ndi mapepala achabechabe. Belfort anavomera mlandu mu 1999, nakhala m'ndende miyezi 22. Khoti linamlamula kubweza madola oposa 110 miliyoni.

Ndimamva ena akuti oberedwawo anadzipha okha ndi dyera: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine ndikukana. Inde, ankafuna phindu, koma kufuna phindu si kulakwira mnzako. Mlimi aliyense pobzala amayembekeza kukolola zoposa mbeu yake. Wogula anadza ndi chikhulupiriro, wogulitsa anadza ndi bodza lokonzeratu. Nsomba imakhala ndi njala, nzoona, koma wobisa mbedza m'nyambo ndi msodzi.

Tikamaseka wonyengedwa nkumatama wonyenga kuti ngochenjera, tikuphunzitsa ana athu kuti kukhulupirira munthu ndi uchitsiru. Kodi malonda angayende bwanji pamenepo? Ngakhale wogula thumba la chimanga saŵerenga njere zake. Amadalira mawu a wogulitsa. Wakuba wotere sabera ogula okha, amabera msika wonse.