Shylock wa ku Kabwata

Mu Lusaka muno dzina lakuti "shylock" limadziwika ngakhale kwa anthu amene sanatsegulepo buku la William Shakespeare. Limamveka m'basi yochokera ku Chelstone kupita m'tauni, limalembedwa m'nyuzipepala, ndipo ife aphunzitsi timalitchula monong'ona mwezi ukafika pakati. Shylock ndi munthu wa kaloba, wobwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chachikulu. Inenso ndinalitchula kwa zaka zambiri osalingalira konse, ngakhale ndinaphunzira mabuku a Chingerezi ku UNZA ndipo ndinkadziwa kumene linachokera.

Chaka chatha, m'kalabu yathu ya zowerenga imene imakumana Lachitatu masana, tinayamba sewero la The Merchant of Venice, limene linasindikizidwa koyamba mu 1600. Ndinachita monga anandiphunzitsira: mawu ovuta pa bolodi, matanthauzo pambali, kenako nkhani mwachidule. Antonio, wamalonda wa ku Venice, akongola ma ducat 3,000 kwa Myuda wotchedwa Shylock kuti mnzake Bassanio akafunsire mbeta Portia. Pangano n'lakuti akalephera kubweza pa miyezi itatu, Shylock adzadula paundi imodzi ya mnofu pathupi pake. Mbiri ibwera yakuti zombo za Antonio zatayika panyanja, tsiku lidutsa, nkhani ifika kubwalo la milandu. Pofuna kuti ana amve msanga ndinati, "Shylock ndi wa kaloba. Mukuwadziwa kale anthu amenewa." Onse anaseka, kupatula mtsikana mmodzi wa Giredi 11.

Anzake atatuluka, iye anatsalira. "Aphunzitsi, amayi anga amachita kaloba ku Kabwata. Yunifolomu ndavalayi yachokera kumeneko. Anthu pobwera kudzakongola amagwada, amati amayi tithandizeni. Tsiku lobweza likafika, amayi asanduka shylock. Nanga m'seweroli, ndani anapita kukapempha kwa mnzake?"

Ndinasowa choyankha. Mwezi womwewo ndinali ndi ngongole ya K1,500 kwa mayi wina wa kwathu ku Chelstone, amene anandipatsa K1,000 mwana wanga atadwala. Ndinapita ndekha, usiku, mawu ali pansipansi. Kuntchito ndinkawatchula dzina lomwelo.

Ndinabwerera ku sewero lija n'kuliwerenga ndi funso la mwanayo m'mutu. Antonio amalavulira Shylock ndi kumutcha galu, ndipo pa nthawi yomwe akupempha ngongoleyo anena poyera kuti angachitenso zomwezo. Pa ngongole imeneyi Shylock saikapo chiwongoladzanja. Mwana wake Jessica athawa ndi Mkhristu atatenga chuma cha bambo ake. Kubwalo, Portia atavala ngati loya wamwamuna alankhula mokoma za chifundo, koma Shylock atagonja amulanda chuma n'kumukakamiza kusiya chipembedzo chake. Kuseri kwa zonsezi kuli mbiri. Ayuda anathamangitsidwa ku England mu 1290, ndipo ku Venice kuyambira mu 1516 ankatsekeredwa usiku m'dera lawo lokha lotchedwa ghetto. Ntchito zambiri anawaletsa, ndipo kubwereketsa ndalama inali imodzi mwa zochepa zimene anawasiyira.

Izi sizikumuyeretsa Shylock. Ananola mpeni m'bwalo, anakana ndalama zoposa ngongoleyo, ndipo ankafunadi moyo wa munthu. Sizikuyeretsanso kaloba. Ndili ndi anzanga amene makadi awo a ku banki ali m'manja mwa obwereketsa, moti malipiro amatha eni ake asanawaone. Kubweza theka pamwamba pa zimene unatenga, mwezi umodzi wokha, kumagwetsa mabanja. Mtsikana uja akadanena kuti amayi ake alibe mlandu uliwonse, ndikadamutsutsa.

Koma iye anafunsa china: n'chifukwa chiyani chifundo timachifuna kwa munthu mmodzi yekha? Ndinaona kuti mawu akachoka m'buku n'kulowa mumsewu amasiya zambiri m'mbuyo. M'seweroli Shylock ndi bambo, ndipo amamva kuwawa pomva kuti Jessica wasinthanitsa ndi nyani mphete imene Leah anamupatsa akadali mbeta wamwamuna. M'kamwa mwathu watsala ndi mpeni wokha. Tikamatchula dzinalo timasenzanso chidani chakale cha Azungu pa Ayuda, chimene ambiri a ife sitidziwa kuti tachinyamula. Ndipo ndikuganiza kuti timalikonda chifukwa limatibisa ife okongola. Likangotchulidwa, palibe amafunsanso kuti anagogoda pakhomo ndani, kapena chifukwa chimene munthu wa ntchito ya pamwezi amagogodera usiku.

Kwathu ku Chipata mfumu sigamula mlandu itamva mbali imodzi. Kumasulira buku n'kugamulanso mlandu, ndipo ine ndinagamula ana asanawerenge ngakhale tsamba limodzi. Julius Nyerere atamasulira seweroli m'Chiswahili mu 1969 analitcha Mabepari wa Venisi, kutanthauza eni chuma a ku Venice, ambiri osati mmodzi. Mutu wokhawo ukuika Antonio ndi anzake pa mlandu womwewo. Mphunzitsi angapereke tanthauzo limodzi lachidule, ana n'kuliloweza, mwina n'kupambana nalo mayeso. Koma adzakhala atawaphunzitsa kutukwana ndi mawu a m'buku, pomwe bukulo linawapatsa mpata womva munthu amene onse akumuda.

Lachitatu lotsatira ndinapepesa kalabu yonse popanda kutchula mwana uja. Ndinawapatsa ntchito yakuti awerenge gawo la kubwalo la milandu, n'kulemba kangati pamene Shylock akuitanidwa ndi dzina lake, ndi kangati pamene akungoitanidwa kuti Myuda. Atamaliza kuwerengera, m'chipindamo munali zii. Kenako mkangano unabuka, ena kumbali ya Portia, ena kumbali ya Shylock, ndipo aliyense ankaloza mzere m'buku.

Pakutha pa mwezi ndinakabweza K1,500 ija masana. Ndinawaitana mayiwo ndi dzina la mwana wawo woyamba, monga timachitira ndi anthu aulemu, ndipo ndinawauza kuti chiwongoladzanja chawo n'chokwera kwambiri. Iwo anatulutsa kope lawo n'kundionetsa mizere ya anthu amene sanabwezepo. Sitinagwirizane, koma tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, aliyense akunena mbali yake.