Mdani Wobvulala ndi Dzanja la Dotolo

Dotolo wa ankhondo akaona anthu awiri obvulala pamaso pace, wina wa mtundu wace, wina mdani amene anali kuwombera mfuti m'mawa womwewo, ayambe ndi uti? Funso ili silibvuta pamene mankhwala ali ocuruka. Libvuta pamene nsaru zomangira mabala zatsala pang'ono, ndipo dzuwa lirikulowa.

Dominique Larrey, dotolo wamkuru wa ankhondo a Napoleon, anali kuyamba ndi munthu wa bala loopsa koposa, wosayang'ana ukuru wace kapena mtundu wace. Pa nkhondo ya ku Waterloo, m'caka ca 1815, asilikari a Prussia anamgwira, nafuna kumuwombera. Koma dotolo wao wina anamzindikira, ndipo kazembe Blücher anammasula, popeza Larrey anaciritsa kale mwana wace wamwamuna, pamene mwanayo anali wobvulala m'manja mwa ankhondo a France.

Ambiri akonda mbiri iyi, pakuti ioneka monga iphunzitsa kuti cifundo cibwera ndi mphotho. Koma maziko amenewo ngosalimba. Wocitira mdani zokoma kuti nayenso acitiridwe zokoma, adzaleka tsiku limene adzaona kuti palibe cobwerera. Boma la Germany linatero pa nkhondo yaikuru yaciwiri: linanena kuti Soviet Union sinalowe m'pangano la ku Geneva la 1929, lonena za akaidi a nkhondo, ndimo akaidi a dziko limenelo monga mamiliyoni 3 anafera m'manja mwace ndi njala, cisanu, nthenda ndi zipolopolo.

Nanga mai amene mwana wace anamwalira ali kudikira, pamene dotolo anali kusoka bala la mdani? Mai wotere asayankhidwe mwaliwiro, pakuti cisoni cace ncoona. Komatu amene anaika mnyamatayo pa imfa ndi nkhondo. Dotolo anangopeza awiri ogona pansi, opanda zida, onse ofuna madzi. Akasankha poyang'ana cobvala ca usilikari, wasanduka msilikari iye mwini, ndi mpeni wace wasanduka cida ca nkhondo.

Mapangano a ku Geneva a 1949 anatsata njira ya Larrey: kuopsa kwa bala kokha ndiko kuloleza kuti wina atsogole kwa dotolo. Analamulanso kuti dotolo wogwidwa ndi adani asayesedwe mkaidi. Asungidwe pokhapo pali akaidi ofuna cithandizo cace, makamaka a kwao, ndipo nchitoyo ikatha abwezedwe.