Kodi Pepala Limakumbukira Ndani?

Ku America kuli anthu amene amatha zaka zambiri akufufuza kholo limodzi lokha, munthu amene anakhala ndi moyo pamene dziko lawolo linkangoyamba kudzilamulira, cha m'ma 1780. Ntchitoyi ndi yovuta, chifukwa masiku amenewo m'madera ambiri boma silinkalemba ana akabadwa kapena anthu akamwalira. Kalembera woyamba wa dzikolo, wa mu 1790, anatchula dzina la mwini khomo yekha, ndipo ena onse a pakhomopo anangowerengedwa ngati manambala. Choncho wofufuza amadalira zikalata za mitundu itatu: za malo, za msonkho ndi za penshoni ya asilikali. Tikufuna tione mmene zikalatazi zimagwirira ntchito, pakuti m'kati mwake muli funso lotikhudza tonse: munthu akapeza kholo lake papepala, kodi wapeza chiyani kwenikweni, nanga ali ndi udindo wanji pa chimene wapezacho?

Tiyambe ndi malo. M'zigawo zakale za kum'mawa, monga Virginia ndi Maryland, malire a munda ankafotokozedwa ndi zinthu zooneka ndi maso: kuchokera pamtengo wakuti, kutsata mtsinje, kukafika pamwala, kukhotera kumalire a uje. Chikalata chotere chimatchula anthu oyandikana nawo, ndipo kawirikawiri oyandikanawo ndiwo anali apongozi ndi alamu. Mu 1785 boma linakhazikitsa njira ina yopimira malo a kumadzulo, yowadula m'zigawo za mailosi 6 mbali iliyonse, chilichonse n'kuchigawanso m'zidutswa 36 za maekala 640. Mwamuna akamagulitsa malo, m'zigawo zambiri mkazi wake ankaitanidwa payekha n'kufunsidwa ngati akulola mosakakamizidwa kusiya gawo limene akanadzadyerapo atakhala wamasiye. Kwa amayi ambiri a nthawiyo, mzere umodzi umenewu ndiwo wokha umene unasunga dzina lawo. Mwini malo akamwalira ana n'kugulitsa mundawo, chikalatacho chimandandalika onse olowa chuma, pamodzi ndi ana aakazi ndi amuna awo.

Kaundula wa msonkho ali ndi ubwino wina: ankalembedwa chaka ndi chaka. Ku Virginia, kumene mabuku a kalembera wa 1790 anatayika, mindandanda ya msonkho wa katundu yoyambira mu 1782 ndiyo imatseka mpata umenewo. Amene amaiwerenga motsatana amaona moyo wa munthu ukuyenda. Mnyamata amatulukira m'bukumo akakwanitsa zaka zokhoma msonkho, ndipo pamenepo chaka chimene anabadwa chimayerekezeka. Mahatchi ndi ng'ombe zake zimachuluka kapena kuchepa. Kenako chaka china dzina lake limasowa, n'kuoneka la mkazi wake, ndipo wofufuza amadziwa kuti pakhomopo panagwa maliro. Ntchito imeneyi siifuna phuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zikalata za penshoni ndizo zimene mumamveka mawu a munthuyo. Nkhondo yomenyera ufulu kwa Britain inachitika kuyambira 1775 mpaka 1783, koma mapepala ambiri oyambirira anapsa ndi moto umene unagwira ofesi ya zankhondo mu 1800. Lamulo la 1818 linapereka penshoni kwa asilikali akale a gulu lalikulu lankhondo amene anali pa umphawi. Opempha atachuluka, lamulo la 1820 linawauza kuti akalumbire kukhoti n'kutchula katundu wawo yense, ndipo pamndandandapo pamapezeka mphika, nkhwangwa, mipando yothyoka, nkhumba kapena ng'ombe imodzi. Lamulo la 1832 linatsegulira khomo amene anatumikira miyezi yosachepera 6, olemera ndi osauka omwe. Nkhalamba za zaka 70 ndi 80 zinaima pamaso pa oweruza kufotokoza kumene zinabadwira, akuluakulu amene zinawatumikira ndi midzi imene zinasamukirako. Kuyambira mu 1836 akazi amasiye nawonso anayamba kupempha, ndipo pofuna kutsimikiza ukwati wawo ena anang'amba tsamba la mayina m'Baibulo la pabanja n'kulitumiza ku boma. Masambawo akali m'nkhokwe ya zikalata za dziko ku Washington mpaka lero.

Tikaika mitundu itatuyi pamodzi, tikuona chinthu chimodzi. Pepala la boma limakumbukira munthu pa zifukwa zitatu: chimene anali nacho, chimene analipira ndi chimene anapempha. Palibe mlembi amene analemba dzina la munthu chifukwa choti anali woleza mtima, kapena chifukwa choti analera ana amasiye. Amene analibe malo, amene sanakhome msonkho m'dzina lake ndiponso sanapite kunkhondo, anadutsa m'dzikomo osasiya phazi. Eni nthaka enieni, mitundu imene inalipo azungu asanafike, kawirikawiri saonekamo m'zikalata za malo amene analandidwa kwa iwo. Msilikali wamba analonjezedwa maekala 100 monga mphotho, koma chikalata chake sichinena kuti pamaekalawo pankakhala ndani kale.

Chowawa koposa chili m'kaundula wa msonkho. Akapolo analembedwamo, koma m'mizere ya katundu, pafupi ndi mahatchi ndi ng'ombe. Zaka zina mayina awo oyamba ankatchulidwa, zaka zina kuchuluka kwawo kokha. Ngakhale m'kalembera wa 1850 ndi 1860, akapolo analembedwa pansi pa dzina la mbuye wawo potchula zaka, khungu, ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Kalembera wa 1870 ndiye woyamba kulemba ambiri a iwo ndi mayina awo athunthu. Motero Mmerika wakuda akamafufuza agogo ake, amayenera kuyamba wapeza banja limene linawagula, n'kuwasaka m'mawilo ndi m'mindandanda ya chuma chamasiye. Nazo zikalata za penshoni sizinali zachilungamo kwa onse. Jehu Grant anathawa ukapolo ku Rhode Island mu 1777 n'kutumikira gulu lankhondo pafupifupi miyezi 10 monga woyendetsa ngolo, mpaka mbuye wake anamupeza n'kumubweza. Atakalamba anapempha penshoni motsatira lamulo la 1832, koma anakanidwa, ndipo chifukwa china chimene anauzidwa n'chakuti pa nthawi imene ankatumikira anali kapolo wothawa. Ndalamazo sanazione. Komabe pempho lokanidwalo ndilo latisungira mbiri yake yolankhula yekha.

Pali munthu mmodzi amene nkhani yake ikuonetsa mphamvu ndi malire a zikalatazi, ndipo anali Msilamu. Yarrow Mamout anatengedwa kumadzulo kwa Africa n'kutsitsidwa pa doko la Annapolis mu 1752 ali ndi zaka pafupifupi 16. Anakhala kapolo wa banja la Beall zaka 44, n'kumasulidwa mu 1796. Mu 1800 anapeza malo ake ku Georgetown, dera limene lero lili mumzinda wa Washington, ndipo ndalama zimene ankapeza poumba njerwa, kuwotcha makala ndi kuluka madengu anazisunga pogula masheya m'banki. Kuchokera pamenepo dzina lake likupezeka m'mabuku monga la mwini chuma, pamene kale linali m'gulu la chuma cha wina. Wofufuza wina, James H. Johnston, anatsata zikalata zoterezi zaka zingapo n'kutulutsa buku la mbiri yake mu 2012.

Koma taonani zimene mabuku a boma sanasunge. Zoti Yarrow ankatamanda Mulungu poyera m'misewu, zoti sankadya nkhumba ndipo ankadana ndi mowa, tikuzidziwa chifukwa katswiri wojambula Charles Willson Peale anacheza naye mu 1819 pomujambula chithunzi, n'kulemba zimene anaona ndi kumva. Zoti atamwalira mu 1823 anaikidwa m'munda mwake, pamalo pamene ankapempherera, tikuzidziwa kuchokera m'nyuzipepala. Mu 2015 akatswiri anakumba pamalopo koma manda ake sanawapeze. Chikalata cha malo chinasunga kukula kwa puloti yake. Chimene chinamulimbitsa zaka 44 za ukapolo chinatsala pang'ono kuiwalika.

Wina angafunse kuti: ngati mapepala ndi opereweza chotere, ndipo nthawi zina amavumbula zochititsa manyazi, bwanji osawasiya akufa agone? Funsoli lili ndi nzeru yake. Kufufuza makolo kungasanduke kunyada. Ku America kuli mabungwe amene munthu amalowamo pokhapokha atatsimikiza ndi zikalata kuti ndi mdzukulu wa amene anathandiza pa nkhondo ya ufulu, ndipo pamene pali ulemu wotere pamakhalanso chiyeso chodzilumikiza kwa msilikali amene suli naye magazi. Chisilamu chimatichenjeza mwamphamvu za kudzitukumula ndi mtundu, ndipo Sura Al-Hujurat imaika ulemerero wa munthu pa kuopa Allah. Komatu chipembedzo chomwechi chimatilimbikitsa kudziwa mzere wa makolo athu kuti tilumikize chibale. Zaid bin Haritha, Allah asangalale naye, anagwidwa ukapolo ali mwana, anamasulidwa ndi Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ndipo kwa zaka ankatchedwa mwana wa Muhammad. Lamulo la m'Sura Al-Ahzab litatsika, anabwezeredwa dzina la bambo ake omubereka. Ngakhale dzina lolemekezeka kuposa onse silinaloledwe kuphimba la bambo weniweni. Chimene tikuchenjezedwa ndi kunyada ndi bodza. Kufufuza kwenikweniko ndi kololedwa, bola kuchitike ndi mtima woyenera.

Mtima woyenerawo tikuuona m'maudindo atatu. Woyamba ndi kusadzipatsa kholo limene umboni sunatipatse. M'dera limodzi la ku Virginia mungathe kupezeka amuna atatu a dzina limodzi, ndipo alembi a msonkho ankawasiyanitsa powonjezera mawu akuti wamkulu kapena wamng'ono, kapenanso dzina la mtsinje umene ankakhala pafupi nawo. Mawu akuti wamkulu ndi wamng'onowo sankatanthauza nthawi zonse bambo ndi mwana wake. Ankangosonyeza wamsinkhu woposa mnzake. Ambiri asokonekera pamenepa. Ife amene timaphunzitsa m'madrasa tikudziwa kuti maulama a Hadith anali ndi gawo lapadera la maphunziro losiyanitsa ofotokoza Hadith amene mayina awo ndi a bambo awo anali ofanana, pofufuza aphunzitsi awo, mizinda yawo ndi zaka zimene anamwalira. Ankadziwa kuti mfundo imodzi ikamangidwa molakwika, chingwe chonse sichidalirika. Wofufuza woona amalolera kusiya mpata wopanda dzina kusiyana ndi kuikapo dzina lokoma losatsimikizika.

Udindo wachiwiri ndi kusabisa chimene tapeza. Mzungu wa ku America angapeze kuti kholo lake lomwelo limene linamenyera ufulu linkakhomera msonkho anthu asanu monga katundu. Chilakolako chachibadwa ndi kukopera za usilikalizo n'kudumpha mzere wa akapolowo. Koma mzere umene iye akuchita nawo manyazi ungakhale ndiwo mlatho wokhawo wa banja lina limene lakhala likusaka agogo ake. Kuubisa ndi kuwafafaniza anthuwo kachiwiri. Mdzukulu sasenza tchimo la agogo ake, pakuti aliyense adzayankha za iye mwini. Chimene mdzukuluyo adzafunsidwe ndi chimene anachita ndi choonadi chitafika m'manja mwake.

Udindo wachitatu ndi kusayeza munthu ndi muyezo wa mlembi wa msonkho. Kholo la maekala 600 limasiya mapepala ambiri, la khasu limodzi limasiya ochepa, ndipo wofufuza wosasamala amayamba kukonda loyambalo chifukwa ndilo likuoneka. Kuchuluka kwa mapepala kumangosonyeza kuti boma linali ndi zochita zambiri ndi munthuyo. Mayi amene dzina lake likupezeka pamzere umodzi wovomereza kugulitsa munda ndi kholo lathunthu mofanana ndi mwamuna wake wa masamba makumi asanu.

Nkhaniyi ndi ya ku America, koma udindo wachiwiriwo sutilambalala ife a m'mphepete mwa nyanja. M'zaka za m'ma 1800 Nkhotakota ya a Jumbe ndi madoko a mafumu monga Makanjira ndi Mponda anali njira za malonda a anthu opita ku Kilwa ndi Zanzibar. Pakati pa makolo athu panali ogulitsa, panali ogulitsidwa, panalinso ogulidwa amene anatsala n'kulowa m'mabanja athu. Mbiri yathu yambiri ili m'mitu ya agogo, ndipo mutu nawo umasankha zokumbukira monga momwe pepala limachitira. Tikakhala nawo pakhonde kuwafunsa mayina, tifunsenso za aja amene amatchulidwa motsitsa mawu, ndi za agogo aakazi amene palibe amene amanena kumene anachokera. Chibale ndi fupa, sichiola. Tilembe zimene tauzidwa mmene tauzidwira, tisonyeze pamene pali chikayiko, ndipo pamene dzina latayika tisiye mpata wake poyera, kuti ana athu adzadziwe kuti pamenepo panali munthu.