Makina Olongedza Katundu ndi Mangawa a Mwini Wace

Munthu akalowa m'sitolo ya pamudzi apeza mabokosi a pepala lolimba, amene ambiri awachula makatoni, odzala ndi sopo, makandulo ndi mafuta ophikira. Akatsegula limodzi aona zonse zitagona m'mizere, palibe cosowa, palibe copitirira, nayesa kuti wolongedzayo ndi munthu waluso ndithu. Koma m'mafakitale akuru a masiku ano dzanja la munthu silikhudzako.

Makina ace agwira nchito motere. Cigawo coyamba citenga bokosi lophwatalala, cilifutukula, cipinda pansi pace ndi kumata. Mabotolo abwera pa lamba woyenda, kadiso ka magetsi kawawerenga, ndipo akakwana 12 kapena 24, mkono wacitsulo uwanyamula ndi kuwakhazika m'bokosi. Bokosilo litsekedwa ndi kupita pa sikelo, ndipo likapepuka likankhidwira pambali. Makina satopa, sadwala malungo, sapempha tsiku lopita kumaliro. Pamene panaima olongedza ambiri, tsopano paima mmodzi kapena awiri oyang'anira.

Kodi tsono mwini fakitale wogula makina otere wacimwa?

Amene afulumira kunena kuti inde ayambe akumbukira nchito imene makinawo alanda. Kuwerama ndi kuweramuka kuyambira m'mawa kufikira madzulo, kunyamula mabokosi olemera tsiku ndi tsiku, kwapha misana ya amuna ndi akazi osawerengeka. Cifukwa cace bungwe la ku Geneva loona za anchito pa dziko lonse linalangiza m'caka ca 1967 kuti mwamuna wamkuru asasenzetsedwe katundu woposa makilogalamu 55 pa yekha. Nchito yofuna malire otere si yoilirira ikatha. Ndipo kuphwanya makina sikunathandize munthu. Anchito a nsaru a ku Nottingham, m'dziko la England, anayesa zimenezo m'caka ca 1811; caka cotsatira boma linaika lamulo la imfa kwa ophwanya makina, ndipo makina anangocuruka.

Koma mlandu suthera pomwepo. Amai a kumudzi adziwa bwino cimene cigayo cinawacitira. Kale anali kupindira msana pa mtondo tambala asanalire. Lero asenza cimanga kupita kucigayo, ndipo nthawi yotsalayo ndi yao, ya kumunda, ya ana, ya kupuma. Wocotseredwa thukuta ndiye yemweyo wolandira phindu. M'fakitale siziri conco. Wolongedza acotseredwa katundu pamsana, inde, koma pamodzi ndi katunduyo acotseredwa ndi malipiro omwe. Mpumulo wace ndi njala. Phindu la makina lipita kwa munthu amene msana wace sunapwetekepo.

Mwini fakitale ayankha kuti ndalama zogulira makina ndi zace, ndi kuti akapanda kugula, mnzace wopikisana naye adzagulitsa motsika mtengo, fakitale idzatsekedwa, ndipo onse adzakhala pansi. Mau awiriwa salemera mofanana. Aciwiriwo nthawi zambiri ndi oona, ndipo wowakana sadziwa malonda. Oyambawo ndi oona theka lokha. Ndalama zija zinacokera kuti, ngati si m'mabokosi amene manja aja analongedza zaka zonsezo? Wolongedza anagulako makina omcotsa nchito, iye osadziwa. Cotero mwini wace sanacimwe pogula, koma watenga mangawa, ndipo mangawa ali nao maina ace: kuwauza anthu nthawi ikalipo, osati tsiku lofika makina, kuphunzitsa amene angathe kuti akhale oyendetsa ndi okonza makinawo, m'malo moitana alendo okhaokha, kupatsa otsalawo ca m'manja cokwanira kuyambira moyo wina. Lamulo la boma likachula zocepa, mangawa sacepa nalo.

Palinso uja wotsala pa nchito, amene anzace amuyesa wamwai. Iye adyetsa makina mabokosi, acotsa botolo lokakamira, ayang'anira guluu. Liwiro la lamba saliika ndiye. Aliika wina wokhala mu ofesi, wowerenga mabokosi a tsiku limenelo. Pa makina otere pali batani lofiira loimitsira zonse ngozi ikayandikira. Wanchito amene akalipiridwa nthawi zonse akalikhudza aphunzira msanga kulowetsa dzanja lamba akuyenda.