Maginito Sanyengedwa ndi Penti

Malemba a lero: 1 Samueli 16:7 ndi Salimo 139:23-24



Loweruka lina m'chilimwe chapitachi, ndikutuluka mu Tesco ya ku Beaumont Shopping Centre, ndinaona anthu ataunjikana pamalo oimikapo galimoto. Ndinkayesa kwachitika ngozi. Nditayandikira ndinapeza kuti azungulira Ford Mustang ya 1967, yofiira ngati tomato wakupsa. Mtundu umenewu unayamba kugulitsidwa ku America mu Epulo 1964, ndipo iyi chiwongolero chake chinali kumanzere, pakuti Mustang ya chiwongolero cha kumanja kampani ya Ford inayamba kuipanga mu 2015. Eni ake atailiza, injini yake ya V8 inabangula mpaka ana kutseka makutu akuseka.

Eni akewo anali bambo achikulire, mutu uli mbuu ndi imvi. Nditawayamikira, anandiuza kuti tsiku limene anaigula inkawalanso chimodzimodzi. Atafika nayo kunyumba anatenga maginito n'kumawayendetsa m'munsi mwa zitseko ndi pamwamba pa matayala. Maginito amagwira chitsulo, koma pamene pamatidwa phala lambiri lija amakaniko amati fila, sagwira. M'malo ambiri maginitowo anagwa pansi. Wina anali atamata mabowo a dzimbiri n'kupaka penti pamwamba. Pansi pa mipando chitsulo chinali chitadyeka ngati chimanga chofumbwa. Zinawatengera zaka kudula chovunda chonse, kuwotcherera chitsulo chatsopano, ndipo penti anapaka pomalizira penipeni.

Ndili m'basi yobwerera kunyumba ndinakumbukira mwambi wa makolo athu: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinakumbukiranso mneneri Samueli kunyumba kwa Jese. Ataona Eliyabu, wamtali ndi wooneka bwino, anaganiza kuti mfumu ndi yomweyi. Mulungu anamukana, namuphunzitsa kuti maso a munthu amathera kunja pomwe Iye amafika mumtima.

Abale ndi alongo, ife okhala kunja kuno kupaka penti timakudziwa bwino. Chithunzi cha pa Facebook chimawala, suti ya Lamulungu ndi yositidwa, kumudzi akuti zathu zinayera. Koma alipo pakati pathu amene ngongole ya khadi yawafika m'khosi chifukwa sangathe kuuza achibale kuti mwezi uno ndalama palibe. Alipo mabanja amene bambo akulowa shifiti ya usiku pamene mayi akutuluka ya masana, akungodutsana pakhomo, ndipo papita miyezi asanagwade pamodzi. Alipo amene akuimba m'kwaya mtima uli ndi chakukhosi cha zaka zisanu. Tikafunsana kuti muli bwanji, yankho ndi limodzi: tili bwino, Mulungu ndi wabwino. Mulungu ndi wabwinodi, koma mawu amenewa nthawi zina timawasandutsa fila.

Dzimbiri silibwera tsiku limodzi. M'nyengo yozizira misewu ya kuno amaithira mchere kuti isaterere ndi madzi oundana. Mcherewo ukasakanikirana ndi chinyezi umakakamira kunsi kwa galimoto, kumene mwini wake sayang'anako, ndipo umadya pang'onopang'ono. Tchimo lobisika ndi kutopa kosauza munthu zimadya chimodzimodzi.

Pali chinanso chimene bambo aja anandiuza. Kuno galimoto ikakwana zaka zitatu imayenera kupimidwa chaka chilichonse, kupima kotchedwa MOT, konga COF ya kwathu. Koma galimoto yopitirira zaka 40, ngati sinasinthidwe kwambiri, lamulo silikakamiza kuti ikapimidwe. Komabe lamulo lomwelo likuti mwini wake aonetsetse kuti ili bwino yoyenda pamsewu. Iwo amapita nayo kokapimitsa chaka ndi chaka mwa kufuna kwawo, chifukwa mabuleki sadziwa kuti galimotoyo ndi yolemekezeka.

Apa ndilankhule nanu akuluakulu anzanga, madikoni, amayi a chigwirizano, inu amene munabatizidwa kalekale ku Nkhoma, ku Zomba kapena ku Chipata. Palibenso amene amatifunsa za moyo wathu wauzimu. Achinyamata amatiopa, abusa amatilemekeza. Ndiye amene ali pangozi kwambiri ndife. Mfumu Davide mu Salimo 139 akudzipereka yekha kwa Mulungu kuti amufufuze, ayese maganizo ake, aone ngati muli njira yoipa mwa iye. Paulo naye, pa 2 Akorinto 13:5, akuuza anthu a mumpingo, osati akunja, kuti adziyese okha.

Musaope kupimidwa. Bambo aja ataona dzimbiri sanaitaye galimotoyo kokaphwanyidwa. Anali atailipira kale, ndipo ankaikonda. Ifenso tinagulidwa ndi mwazi wa Yesu Khristu tili ovunda, Iye akudziwa bwino lomwe zimene akugula. Pa Ezekieli 36:26 Mulungu salonjeza kumata mtima wakale. Akulonjeza kuchotsa wouma ngati mwalawo n'kuikamo watsopano. Kudula kumapweteka, koma wodulayo ndi Mwini wake.

Sabata ino chitani chinthu chimodzi. Pezani munthu mmodzi wokhulupirika, mkazi wanu, mwamuna wanu, kapena mkulu wa mpingo, mumuuze pamene maginito akugwa m'moyo mwanu. Ngati ndi ngongole, Citizens Advice ndi Christians Against Poverty amathandiza kwaulere, ndipo kupitako si kuchepa chikhulupiriro. Ngati ndi chakukhosi, imbani foni ija mwakhala mukuizengereza. Ngati abale kumudzi akuyembekeza zimene mulibe, auzeni zoona mwaulemu.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu mukuona kumene anzathu saona. Tatopa ndi kumata. Tipimeni, dulani chovunda, ndipo mutipatse kulimba mtima kuti tinene zoona kwa Inu ndi kwa abale athu. Tikupempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Ameni.