Gemuyi Ndi ya Ndani?

Loweruka lapitali mwera unakuntha tsiku lonse ku Nguwo, moti palibe boti lomwe linalowa m'madzi. Alovi anangokhala m'mbali mwa mathandala, ena akusoka chilimira, ena atagona chagada. Mwana wa achemwali anga, yemwe wayamba kupita panyanja chaka chino, anali ataweramira foni yake yong'aluka galasi, akumenya eFootball. Ndinaima kumbuyo kwake. Anagoletsa chigoli chokongola, koma ndinaona kuti chala chake sichinachite zambiri. Anali atayatsa Smart Assist, kathandizo kaja kokuwongolera mpira.

"Aise, chigoli chimenecho si chako," ndinatero. "Yagoletsa ndi foni."

Sanadzutse n'komwe mutu. "Ndiye ndilire, amalume? Ine ndikungodikira mphepo isiye."

Anzake anaseka. Ine ndinapsa mtima, ndipo sabata yonseyi ndakhala ndikudzifunsa kuti chinandiwawa n'chiyani kwenikweni.

Ine ndinakulira m'kachipinda ka magemu pa Senga Bay: TV imodzi yachikale, PlayStation 2, ndi Pro Evolution Soccer 6, yomwe inatuluka mu 2006 koma kwathu inalamulira zaka zambirimbiri. Gemu imodzi inali K20, ndipo lamulo linali loti wogonja alipire n'kupereka padi kwa wina. Ukakhala mbuli unkabwerera kunyumba ndi njala, ndalama ya zitumbuwa itathera pa zigoli za anzako. Tinkaphunzira chifukwa kugonja kunkawawa. Chala chinkachita matuza. Dzina loti dolo sunkadzipatsa wekha, ankakupatsa ndi anthu amene wawakwapula.

Kenaka zinthu zinasintha. Mu 2021 Konami inasiya dzina la PES, n'kutulutsa eFootball yongotsitsa ulere. Mu 2023 EA nayo inasiya dzina la FIFA, gemu yake n'kukhala EA Sports FC. Mpira unachoka m'kachipinda kaja n'kulowa m'thumba la aliyense amene ali ndi foni ndi kabandulo. Tsono gemu yaulere sikhala ndi moyo chifukwa cha madolo khumi. Imafuna chikhamu, ndipo chikhamu sichipirira kugonja miyezi itatu. N'chifukwa chake opanga amafewetsa, kuti wobwera lero agoletse lero lomwe.

Madolo tikamadandaula, sikuti tikungolira ayi. Taonani bawo. Mabowo 32, nkhomo 64, aliyense zake 32. Mkulu amene wasewera zaka makumi atatu ndi mnyamata wongoyamba kumene amayamba mofanana, ndipo palibe angatulutse ndalama kuti amuwonjezere nkhomo. Ana akakumba timaenje pamchenga n'kumasewera ntchuwa, akulu a bawo sakwiya, poti palibe amene wakhudza malamulo awo. Koma pa intaneti tonse atiika pabwalo limodzi, ndipo malamulo amasintha mwini kampani akafuna. Choipitsitsa n'chakuti osewera amphamvu amagulidwa. Ultimate Team, yomwe EA inayambitsa mu 2009, inazoloweretsa anthu kulipira kuti atsegule paketi osadziwa chomwe chili m'katimo. Ku Belgium, mu 2018, bungwe loyang'anira juga linagamula kuti mapaketi oterewa ndi juga, ndipo chaka chotsatira EA inasiya kugulitsa mapointi ake m'dzikomo. Ndiye ukagonja kwa munthu amene wakuposa thumba osati chala, kuwawako n'koona.

Koma funso ndi ili: mkwiyo umenewu ndinaupereka kwa mwini wake? Mnyamata uja sanalembe malamulo a Konami. Sanaguleko ndi wosewera mmodzi yemwe, ndalama yake imathera pa ufa. Ndinakwiyira kampani ya ku Japan, n'kukalipira mlovi wa ku Nguwo chifukwa ndiye anali pafupi.

Palinso china chimene sindifuna kuvomera. Ndimakonda kunena kuti kale pankalowa luso lokha. Bodza. Pakhomo la kachipinda kaja pankalowa amene anali ndi K20 komanso nthawi yotaya. Pamene ine ndinkaphunzira kuponya firikiki, achemwali anga, mayi ake a mnyamatayu, anali kuyanika usipa ndi kutsuka mbale kunyanja. Sindikumbuka mtsikana ndi mmodzi yemwe atagwira padi m'chipinda chija, ndipo sitinadabwepo. Udolo wanga unamangidwa pa ntchito zimene ena ankandigwirira. Lero achemwaliwo amasewera Ludo King madzulo ndi anzawo ogulitsa nsomba, kuseka mpaka misozi. Ndiwauze kuti imeneyo si gemu? Ndine ndani?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kodi kuvutikira chinthu kumakupatsa umwini wake? Mtima umati inde: ndinakhetsa thukuta, ndiye ndi changa. Koma taganizirani nyanjayi. Mnyamata uja amanyamuka kukada, amakoka chilimira usiku wonse m'mphepo yozizira, akudziwa kuti mwera ukawapeza pakati pa madzi si onse amabwerako. Ine ndimabwera Loweruka, kusamba pang'ono, kujambulitsa chithunzi chilumba cha Namalenje chili kumbuyo, basi. Panyanja dolo ndi iyeyo, wongotayitsa nthawi ndine. Sanandiuzepo kuti kusamba kwangako si kusamba. Iye ali kale ndi malo amene kulakwitsa kumalipiritsa zenizeni. Akagwira foni sakufuna mayeso ena, akufuna kupuma.

Ndiye ndikuona ngati thukuta limakupatsa luso, limakupatsanso ufulu wonyadira lusolo. Tili ndi chifukwa chofunira bwalo limene ndalama sizilankhula, matimu ofanana, thandizo lozimitsa, ngati bawo. Chimenecho tichifune ndithu, mokweza mawu, kwa opanga magemu. Chomwe thukuta silikupatsa ndi mpando wa pakhomo, woti uziyeza chisangalalo cha mnzako n'kunena kuti n'chabodza. Mwinanso chimene chinandiwawa tsiku lija si Smart Assist. N'kutheka kuti chinali kuona kuti chinthu chokhacho chimene ndinkatchuka nacho pa Senga Bay sichikufunikanso kwa wina aliyense.

Madzulo ake ndinamupeza akudya, ndipo ndinamupempha foni. Zala zanga zozolowera mabatani zinkangoterera pagalasi. Ndinagonja 3-0 kwa munthu wosamudziwa, mwina mwana wa sukulu wa kutsidya lina la dziko.

"Muyatse kathandizo kaja, amalume," anatero, akubisa kuseka.

Ndinakana. Tinapangana kuti tsiku lina tikapeze mapadi awiri ku Salima, matimu wamba, wogonja alipire. Anavomera, koma anati zitengera mphepo. Usiku womwewo mwera unaleka, ndipo pamene ndinkagona nyali zawo zinali zitayamba kale kuoneka pakati pa nyanja.