Kachisi wa m'Kompyuta—Kodi Kummanga Ndiko Kulambira?

MU 2006, Tarn Adams ndi mbale wake Zach, a ku United States, anatulutsa maseŵera a pakompyuta otchedwa Dwarf Fortress. Woseŵera amapatsidwa tianthu tisanu ndi tiŵiri tatifupi tandevu, tonga ta m'nthano za ku Ulaya, ndipo amatitsogolera pokumba mudzi m'phiri. Maseŵerawo asanayambe, kompyuta imapeka dziko lathunthu: mitsinje, mafumu, nkhondo za zaka mazana ambiri, ndiponso milungu. Wina amakhala mulungu wa mapiri, wina wa chuma, winanso wa imfa.

Chiyambire 2015, woseŵera akhoza kupatula chipinda kuti chikhale kachisi. Mu 2020 anawonjezera chinthu china: pamene olambira a mpatuko umodzi afika 10, amapereka pempho lakuti amangiridwe kachisi wawowawo ndi kuikiridwa wansembe. Woseŵerayo amasankha malo, nalamula kuti makoma asalazidwe ndi kuti mafano asemedwe. Kodi munthu amene amadana ndi kulambira mafano angachite zimenezi ndi chikumbumtima choyera?

Ambiri angayankhe mofulumira kuti milunguyo siili kanthu. Ndipo zimenezo nzoona m'lingaliro lenileni. Talingalirani za Armok, "mulungu wa mwazi" amene dzina lake lili m'mutu wonse wa maseŵerawo. Dzinalo linachokera ku kachidutswa ka programu yakale ya Tarn Adams kotchedwa arm_ok, kamene kanali kuŵerenga mikono ya munthu yotsala yosadulidwa pankhondo! Mneneri Yesaya anaseka mmisiri amene anasonkhera moto mbali ina ya mtengo kuti awothe ndi kuphikira, nasema mbali yotsalayo kukhala mulungu wake. Komabe, mmisiriyo anagwadira mtengowo. Woseŵera samagwada, samapempha kanthu, ndipo samayembekezera yankho. Wolemba nthano amene asimba za mbala samakhala mbala.

Koma kusakhalapo kwa mulungu sindiko kumathetsa nkhani yonse. Pafupifupi mu 112 C.E., Pliny Wamng'ono, bwanamkubwa wa Bituniya, analembera Mfumu Trajan kufotokoza mmene anali kuyesera oimbidwa mlandu wa kukhala Akristu. Anali kuwauza kupereka zofukiza ndi vinyo pamaso pa fano la mfumu. Awo amene anakana anadziŵa bwino lomwe kuti mfumuyo sinali mulungu. Chimene anakana chinali mchitidwe weniweniwo, wochitidwa ndi dzanja lawo. Chotero funso labwinopo nlakuti: Kodi ndani akuchita chinthucho, ndipo m'dzina la yani?

Panopa maseŵerawo amagaŵika paŵiri. Poyang'anira mudzi, woseŵera amaona tianthu tikupemphera monga momwe munthu amaonera nyerere pachulu. Koma pali mbali ina imene iye amavala munthu mmodzi ndi kuyendayenda m'dzikolo. Kumeneko akhoza kuloŵa m'kachisi ndi kuponya madayisi opatulika kuti aombeze, ndipo chotulukapo chingakhale dalitso kapena temberero. Wopatsidwa chinsinsi cha mulungu wa imfa amatha kudzutsa mitembo kuti immenyere nkhondo. Kuona kanthu kopeka kakuombeza nkosiyana ndi kusankha wekha kuombeza, ngakhale mongoyerekezera, ndipo ambiri amene sakanavutika mtima ndi mbali yoyambayo angaime pamenepa.

Ndiponso pali anthu ena ofunika kuwalingalira. Ku Korinto, nyama yotsala m'akachisi inali kugulitsidwa pamsika, ndipo mtumwi Paulo anavomereza kuti fano silinali kanthu. Chikhalirechobe, iye anali wokonzeka kuleka nyama kotheratu kaamba ka mbale wa chikumbumtima chofooka. (1 Akorinto, chaputala 8) Munthu amene anataya zithumwa chaka chatha, kapena amene anavutika posiya nsembe za mizimu, sangaone guwa la nsembe la pakompyuta mofanana ndi mnyamata amene sanaonepo guwa lenileni. Kodi mnyamatayo ayenera kumuseka? Kapena kodi wachikulireyo ayenera kumuŵeruza monga wolambira mafano? Paulo sanalole chilichonse cha zimenezi.

Komabe, mwinamwake chinthu chachikulu koposa nchobisika, pakuti sichimaoneka ngati chachipembedzo konse. Kodi nchifukwa ninji woseŵera amamanga kachisi? M'maseŵeramo, pemphero laikidwa pamndandanda wa zosoŵa za kamunthu kalikonse, pamodzi ndi kumwa moŵa, kucheza ndi mabwenzi, ndi kudya chakudya chokoma. Kamunthu kamene sikanapemphere kwa nthaŵi yaitali kamasokonezeka maganizo, ndipo ntchito yake imaipa. Chotero kachisi amamangidwa kuti osula zitsulo asule bwino. Zakuti mulunguyo ngwoona kapena wonama, wachilungamo kapena wankhanza, sizimaloŵa m'kuŵerengerako. Kachisi angathe ngakhale kupatulidwa popanda kutchula mulungu aliyense, kuti onse akhutire pamtengo wotsika. Ukulu wake umayesedwa ndi manambala: zinthu za mtengo wa 2,000 zimapanga kachisi, za 10,000 zimapanga kachisi wamkulu wokhala ndi mkulu wa ansembe.

Amene amathera maola mazana ambiri akulingalira motero akuzoloŵera kaonedwe kakutikakuti ka kulambira, ndipo kaonedweko nkakale kwambiri. Ufumu wa Israyeli utagaŵanika, Yerobiamu anaopa kuti anthu opita kukapereka nsembe ku Yerusalemu adzabwerera kwa mfumu ya Yuda. Anapanga ana a ng'ombe aŵiri agolidi, naika mmodzi ku Beteli ndi wina ku Dani, kumalekezero aŵiri a dziko lake. Cholembedwacho sichimanena kuti anachita zimenezo chifukwa chokhulupirira mafanowo. Chimasimba za mantha ake a kutaya ufumu. (1 Mafumu 12:26-33) Iye anasankha yekha mwezi wa phwando. Ansembenso anawasankha yekha pakati pa anthu wamba osakhala Alevi, monga momwe woseŵera, atavomereza pempho la olambira 10 aja, amatsegulira mndandanda wa maina ndi kuloza amene adzakhala wansembe.